Galimoto Yodziwa Kutsika Kokha

Ku Nkhata Bay kulibe munthu amene anamuonapo Ellard Chiumia atakhala pampando mpaka kumaliza kapu ya tiyi. Ankamwa ataimirira, phazi limodzi lili kale kunja kwa chitseko. Kutchalitchi ankakhala kumapeto kwa benchi, bondo likunjenjemera ngati la telala, ndipo abusa akatalikitsa pemphero mumangomva makiyi akulira m'thumba mwake. Anali makiyi a zitseko za mabizinesi amene anafa kalekale.

Mabizinesiwo ndiye analipo. Ali mnyamata ankanyamula katundu padoko. Kenako anapita ku Joni ngati mmene anachitira bambo ake, koma iye anabwerako patangotha miyezi isanu ndi iwiri, atanyamula jekete lachikopa ndi nkhani zosatha. Anatsegula malo ometera. Anaweta nkhuku zoyera. Anagula kamera n'kumajambula anthu pamchenga wa ku Mwaya, kenako anatsegula kanyumba koimbirako foni mwezi womwewo umene anthu anayamba kugula mafoni a m'manja. Musaganize kuti zonsezi zinkalephera, ayi, zina zinkayenda bwinobwino. Vuto linali lakuti chinthu chikangoyamba kuyenda, Ellard chinkamutopetsa, maso ali kale pa china. Mwambi wake unali umodzi, woti Zengerezu adalinda kwawukwawu. Wina uja woti kuthamanga sikufika ankati anaupeka ndi anthu aulesi.

Chimene chinkadyetsa banja chinali boti la injini la mkazi wake Doris, amene tauni yonse inkamudziwa ndi dzina loti NyaManda. Botilo anamusiyira ndi malemu bambo ake a ku Usisya. Asodzi ankapita nalo kunyanja, iye n'kuyanika usipa pamathandala, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu ankakwera minibasi kukagulitsa ku msika wa ku Mzuzu. Zaka makumi awiri ndi chimodzi za ukwati anachita zimenezo osaphonya, ndipo mwana wawo Chawezi anamaliza sukulu ndi usipa womwewo.

M'chaka cha 2007 mayi wina, Jacqueline, anatsegula malo a intaneti pafupi ndi msika, makamaka chifukwa cha azungu obwera kudzasambira. Ellard analowamo tsiku lina kuti aone ngati nayenso angatsegule malo otero. M'malo mwake anapeza mphunzitsi wina akuyang'ana magalimoto a ku Japan pakompyuta, ndipo kuyambira tsikulo tulo take tinachepa.

Imene inamugwira mtima inali yoyera, yaitali kumbuyo, yonyamula anthu ndi katundu yemwe. Intaneti ya masiku amenewo inali yamphwayi. Chithunzi chinkayamba kuoneka denga, kenako magalasi, ndipo pofika kumatayala Ellard amakhala atazungulira chipindacho kasanu. Galimotoyo inali yotchipa kuposa zinzake zonse za mtundu wake. Iye sanadabwe nazo. Anati ku Japan magalimoto achuluka, akusowa poika.

Pansi pa chithunzi panali timawu tating'onoting'ono ta Chingerezi, ndipo kumapeto kwake kunali zilembo zikuluzikulu: A/T SLIP.

"Ama Jacqueline, apa akuti chiyani?" anafunsa Ellard, chala chili pagalasi.

Jacqueline anawerama n'kuwerenga. "A/T ndiye otomatiki, imeneyo ndikuidziwa. Imasintha yokha magiya. Silipiyo, aa, silipi ndi silipi, ada. Ngati ya ku banki ija. Akuti mapepala ake alipo."

Ellard anaomba m'manja. Kwathu kuno chinthu chokhala ndi silipi ndi chinthu choona. Ukalipira fizi amafuna silipi, kuchipatala silipi, ukaitaya ndiye kuti sunalipire. Tsono anthu oti akulonjezeratu silipi usanawafunse, amenewo ndi anthu a Mulungu. Jacqueline anamusindikizira tsambalo, iye n'kulipinda bwino n'kuika m'thumba la jekete lachikopa lija.

Kunyengerera Doris kunamutengera milungu itatu. Ankamutsatira kumathandala, kumsika, ngakhale pochapa. Ankati galimoto ikabwera usipa uzifika ku Mzuzu minibasi zisanadzaze n'komwe, makondakitala asiye kuponda madengu ake, ndipo iye azikhala kutsogolo ngati mkazi wa bwana. Chofunika chinali chimodzi basi, kugulitsa boti.

Tsiku lina Doris anasiya kutembenuza usipa n'kumuyang'ana m'maso.

"Awisi Chawezi, boti ili ndi la ada ŵangu. Gulitsani, ndatopa kumva. Kweni mumve bwino. Galimoto imeneyi ikhale yomaliza. Ikakanika kundifikitsa ku Mzuzu, kapena mukadzaitaya panjira ngati nkhuku zija, ngati kamera ija, ine sindidzakangana nanu. Ndidzakwera sitima ya Ilala kupita kwathu ku Usisya, ndipo musadzatume munthu."

"Yomaliza, anyina Chawezi. Ndikulumbira."

"Musalumbire. Mungokumbukira."

Boti linapita, ndalama zinapita ku Japan kudzera ku banki ya ku Mzuzu, ndipo inayamba miyezi iwiri imene Jacqueline sadzaiwala. Ellard ankafika asanatsegule. Ankafuna kudziwa kumene sitima yonyamula galimotoyo yafika, ngati kuti kompyuta ili ndi zenera loyang'ana kunyanja yamchere. Galimoto itatsika ku Dar es Salaam, anatuma dalaivala wina wozolowera njirayo, dzina lake Cyrus, kuti akaitenge. Ulendo wa masiku atatu unatenga masiku asanu ndi limodzi.

Tsono muyenera kudziwa kuti kuchokera ku Mzuzu kubwera ku Nkhata Bay msewu ndi wotsetsereka pafupifupi wonse. Galimotoyo inalowa m'tauni ngati mkwatibwi, yoyera mbee, osamveka ndi phokoso lomwe. Anthu anasiya malonda awo. Cyrus anatsika, maso ali psuu, n'kupereka makiyi. Tiyi anakana. Anangoti, "Pa Chiweta tinapemphera, ada," n'kuthamangira minibasi yobwerera ku Mzuzu. Ellard anaganiza kuti akunena za kuopsa kwa makona a phirilo.

Atapotokola kiyi, m'galimotomo munamveka mawu a mzimayi akulankhula Chijapani. Anthu anabwerera m'mbuyo. Ellard, amene sanafune kuoneka wodabwa pagulu, anagwedeza mutu mwaulemu n'kuyankha kuti, "Yewu, ama." Masiku awiri otsatira anayendetsa galimotoyo kuchoka pamsika kufika padoko, kuchoka padoko kubwerera pamsika, malo okhawo athyathyathya m'tauni yonse, akuliza hutala kwa aliyense amene anamukongozapo moni.

Lachisanu m'mawa anapakira madengu asanu ndi limodzi a usipa. Doris anavala chitenje chake chatsopano n'kukhala kutsogolo, manja pamiyendo. Anadutsa msika bwinobwino. Atayamba chitunda choyamba chotulukira m'tauni, injini inayamba kukuwa. Ellard anaponda moto, injini n'kukuwa kwambiri, koma galimoto inkangochepetsa liwiro ngati yaiwala kumene imapita. Pakati pa chitunda inaima. M'katimo munadzaza fungo la chinthu chopserera.

Minibasi ya ku Mzuzu inaima pambali pawo. Kondakitala, yemwe uja woponda madengu, anatulutsa mutu. "Ama NyaManda, malo anu alipo!" Doris anatsika, n'kusamutsa madengu ake yekha, limodzilimodzi. Ellard anatsala pamsewu thukuta lili kamukamu. Kunali bwino akanamutukwana.

Anaibweza chafutambuyo mpaka pamsika, chifukwa kutsika kokha inkadziwa. M'mawa mwake inakana n'kulira komwe, popeza ana a m'mudzi anali ataseweretsa magetsi ake mpaka batire kutha. Izi sizinamudetse nkhawa munthu aliyense. Ku Nkhata Bay galimoto yokana kulira amaikankha, ndipo madalaivala anzeru amaimika pamtsetse kuti m'mawa asavutitse anthu. Anyamata a padoko anavula malaya. Anaikankha kuchoka pamsika mpaka pageti la doko, Ellard ali m'kati akugwedeza ndodo ya giya uku ndi uku. Palibe chinachitika. Anaibweza n'kuikankhanso. Ulendo wachitatu anawonjezekera ogulitsa nthochi ndi mlaliki wina, ndipo inangotsala pang'ono kulowa m'nyanja.

"Lekani! Otomatiki sakankha, mungofa ndi chifuwa."

Wolankhulayo anali Watson Mkandawire, makaniko wochokera ku Ekwendeni, amene ankagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mashopu. Watson anali munthu wosapupuluma. Ankayenda pang'onopang'ono, kulankhula pang'onopang'ono, ndipo asanamasule nati ankaiyang'ana kaye ngati akuipempha chilolezo. Anthu ankati Mulungu atamaliza kuumba Ellard anatsala ndi kudekha kwambiri, ndiye anakuthira konse mwa Watson.

Galimoto anaikokera pansi pa mango. Ellard anali atadziwa kale matenda ake. Anati ndi mapulagi. Posakhalitsa anasintha, nati ndi mafuta a ku Tanzania, amathira madzi. Kenako anati a ku Japan amubera, ndipo awalembera kalata yoti sadzaiwala, chifukwa ngakhale silipi imene analonjeza sanaione.

"Silipi yanji, dada?" anafunsa Watson.

Ellard anatulutsa pepala lija m'jekete. Watson anapukuta manja, n'kuliwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, milomo ikuyenda. Anali atagwirapo ntchito zaka zinayi m'galaja ina ku Lilongwe, kumene magalimoto otere anayamba kufika kale. Atafika pa zilembo zikuluzikulu zija anapuma mozama.

"Dada Chiumia, iyi si silipi ya ku banki. Mawu awa akuti giyabokosi yake imaterereka. Injini ikuzungulira, kweni mphamvu sikufika kumatayala. Anakuuzani okha eni ake. Ndiye chifukwa chake inali yotchipa."

Ellard anatenga pepalalo n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Mkwiyo wonse umene anausungira a ku Japan unasowa kopita, n'kubwerera mwa iye mwini. Anachita manyazi oopsa. Anthu aja sananame ndi pang'ono pomwe. Analemba chilema cha galimoto yawo ndi zilembo zikuluzikulu, iye n'kuchiombera m'manja. Safunsa adadya phula, koma iye anafunsa, n'kudyabe phulalo.

"Musauze munthu," anatero motsitsa mawu.

"Ine ndimakonza magalimoto, sindiulutsa nkhani," anayankha Watson. Madzulo a tsiku lomwelo tauni yonse inali ikudziwa, chifukwa pansi pa mango sipakhala makoma, ndipo anyamata a padoko anayamba kumutchula kuti ada Silipi.

Giyabokosi ya otomatiki ya mtundu umenewo kunalibe m'chigawo chonse cha kumpoto. Watson anati njira ilipo imodzi. Achotse yowonongekayo, apeze ya magiya a pamanja kuchokera ku galimoto ina ya mtundu womwewo imene inagubuduzika n'kutayidwa ku Mzuzu, aboole pansi, aikemo chopondera cha kilatchi. Anati zitenga milungu itatu. Zinatenga isanu.

Milungu isanu imeneyo inamukalambitsa Ellard. Ankafika pamango dzuwa lisanatuluke bwino. Ankazungulira galimoto, kusuzumira pansi, kupatsira Watson sipanala imene sanaipemphe, kufunsa kuti kwatsala pati. Tsiku lachinayi Watson anatuluka pansi pa galimoto, n'kujambula mzere padothi ndi sikuludiraiva.

"Mukadutsa apa, dada, ndikuwonjezera sabata."

Ellard anayamba kuyenda m'mbali mwa mzerewo, uku ndi uku, mpaka panapangika kanjira.

Kunyumba ndiye kunali kovuta zedi. Doris, amene zaka zonsezi anali mwini boti, tsopano ankaima pamzere ndi amayi ena kugula usipa, ndipo masiku ena ankagula kwa anthu omwewo amene anagula boti la bambo ake. Sankadandaula. Ankaphika, kuchapa, kuyankha moni. Koma sabata yachiwiri anatsitsa sutikesi yake pamwamba pa kabati, n'kuipukuta fumbi, n'kuiika pafupi ndi chitseko cha kuchipinda. Ellard ankaiona polowa ndi potuluka. Apa ndi pamene anachita mantha enieni, chifukwa mkaziyu ankamukonda, ndipo pa zinthu zonse za moyo wake ndi yekhayu amene sanamutopetsepo. Koma sankadziwa kanenedwe kake, ndiye ankangonena za giyabokosi.

Munthu woletsedwa kudutsa mzere, wosatha kukhala kunyumba, apite kuti? Miyendo inamubweza kwa Jacqueline. Mayiyo anapepesa ndi mtima wonse za silipi ija, n'kumulola kukhala pakompyuta ulere. Ellard anadziuza kuti akungotayitsa nthawi. Anaona maminibasi, a mipando khumi ndi isanu, ena a matayala awiriawiri kumbuyo. Tsopano ankawerenga timawu tonse ta pansi, ngati munthu amene waphunzira. Tsiku lina pamango paja, wamalonda wina wa ku Mzuzu anaima n'kuyamikira ntchito ya Watson, nati galimoto ya ku Japan ya magiya a pamanja anthu amailimbirana. Ellard anangoseka, koma mawuwo anapita nawo kunyumba.

Lachinayi la sabata yachisanu Watson anatuluka pansi pa galimoto n'kufufuta mzere uja ndi phazi. Anakwera awiriwo, n'kupita pa chitunda chija. Ellard anaponda kilatchi, n'kulowetsa giya yachiwiri. Galimoto inakwera osatsokomola n'komwe. Anatsika n'kukweranso, kenako kachitatu, mpaka Watson anati mafuta si madzi a m'nyanja.

M'mawa mwake, Lachisanu, anapakira madengu anayi. Doris anavala chitenje wamba ulendo uno, n'kukhala kutsogolo atagwiritsa chitseko. Pa chitunda choyamba anatseka maso. Atawatsegula anali pamwamba, nyumba za m'tauni zili pansi. Anadutsa pa Mpamba. Anapitirira minibasi ya kondakitala uja itaima ikudikira anthu, ndipo Doris anatsitsa galasi n'kumubayibitsa ndi zala ziwiri. Kenako anaseka. Ellard anali asanamve kuseka kumeneko chigulitsireni boti.

Anayamba mapiri a Kandoli, makona akutsatana, mphepo yozizira ikulowa pazenera. Galimoto inkakwera ngati inabadwira komweko. Doris anamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa nthochi, n'kusenda imodzi, n'kumupatsa mwamuna wake pakamwa kuti asasiye chiwongolero. Anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya ya amayi.

Ellard anasangalala kwambiri, ndipo munthuyu akasangalala pakamwa pake pankathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

"Mukuona mmene ikukokera, anyina Chawezi? Imeneyi panopa anthu a ku Mzuzu akhoza kuilimbirana. Titaigulitsa isanakalambe, pali minibasi ina ndaiona kwa Jacqueline, ya mipando khumi ndi isanu…"

Anawamva mawuwo akutuluka, n'kufuna kuwagwira, koma anali atapita. Nyimbo ija inaleka. Anayenda kona imodzi, kenako ina.

"Imani," anatero Doris.

"Ndimangonena, ama. Kucheza chabe."

"Imani, awisi Chawezi."

Anaima pambali pa msewu. Doris anapinda makoko a nthochi n'kuwaika bwinobwino pampando. Nkhope yake inalibe mkwiyo, ndipo zimenezo ndi zimene zinamuopsa Ellard.

"Galimoto yakwera. A Watson agwira ntchito," anatero Doris. "Milungu isanu ndakhala ndikupemphera kuti giyabokosi ichire, chifukwa ndimaganiza kuti yodwala ndi imeneyo. Sitinafike n'komwe ku Mzuzu, ada."

"Sindigulitsa. Ndalumbira, sindigulitsa!"

"Mwina simugulitsa lero. Usipawu mukapereke kwa amayi amene timakhala nawo benchi limodzi pamsika, akudziwa mtengo wake."

Anatsika, n'kuwoloka msewu. Ellard anamutsatira akulankhula zambirimbiri, Chitonga, Chichewa, mpaka Chingerezi cha ku Joni, koma minibasi yotsikira kunyanja inabwera ndipo Doris anaikwezera dzanja. Lamlungu m'mawa Ilala inanyamuka kupita kumpoto. Ellard anapempha kuti amuperekeze padoko pagalimoto, Doris n'kukana mwaulemu. Sutikesi anasenza yekha.

Galimotoyo Ellard sanaigulitse. Wamalonda wa ku Mzuzu uja anabwera kawiri, n'kubwerera chimanjamanja. Anailembetsa kukhala takisi, ndipo pofika kumapeto kwa 2009 inali ikukwerabe Kandoli tsiku ndi tsiku, yayamba kuchita dzimbiri m'zitseko, ikununkha usipa wa anthu ena. Kwa Jacqueline anasiya kupitako. Ku Usisya sanatume munthu, poti anauzidwa kuti asatero, koma ankaonetsetsa kuti aliyense wopita kumeneko waiona galimotoyo ndi maso ake.

Lolemba lililonse Ilala ikamabwerera kuchokera kumpoto, ankaimika pageti la doko nthawi isanakwane. Anthu ankatsika ndi matumba awo n'kuthamangira galimoto yoyerayo.

"Ada, Mzuzu?"

"Pepani, ndikudikira munthu."

Matakisi ena ankadzaza n'kunyamuka. Iye ankaima chilili, bondo likunjenjemera, akuyang'ana mutu uliwonse wovala duku, mpaka wotsiriza atatsika ndipo a padoko ayamba kutseka geti. Zikatero ankatsegula chitseko cha kumbuyo n'kuitana otsalira amene asowa pokwera. Mpando wakutsogolo sankakwezapo munthu Lolemba.